A Musaphethire ndi Kamera ya Namzeze

Chitseko changa ndi chawo zakhala zikupenyana kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ine ndimapanga mafelemu a zithunzi, iwo amajambula. Munthu akatuluka kwa iwo ndi envulopu m'manja, amangoyenda mapazi atatu n'kulowa kwa ine. Pansi pa nyumbayi pali telala ndi sitolo ya nsapato, m'mwamba muno muli ife awiri basi.

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi eni nyumba okha. Msewu wonse umati a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene amanena asanadine batani. Amawanena kwa khanda la miyezi itatu, kwa nkhalamba yogontha, ndipo tsiku lina ndinawamva akuwanena kwa mphaka amene mayi wina anabwera naye m'dengu.

M'chipinda mwawo muli nsalu yaikulu yojambulidwa mizati yoyera ndi masitepe osapita kulikonse, mpando wozungulira, magetsi awiri a maambulera, jekete lakuda lobwereketsa anthu ofuna chithunzi chofunsira ntchito, ndi chipeso chomangirira ku chingwe kuti chisapite ndi alendo. Koma chimene munthu ankayamba kuona polowa ndi kabati yagalasi ya pakona. M'kati mwake munkayaka kababu usana wonse kuti musalowe chinyontho, ndipo pa nsalu yofewa pankakhala malenzi asanu ndi anayi, maso agalasi aja amalumikiza kutsogolo kwa kamera. Ankawaimika kuyambira yaifupi mpaka yaitali, ngati ana a banja limodzi.

Onsewo anali a kampani imodzi. Dzina lake ndi lovuta pakamwa, koma pamphumi pa kamera zake pali kambalame kotambasula mapiko, ndiye ojambula amangoti Namzeze. Kampani yopikisana nayo ili ndi kanyenyezi, choncho imatchedwa Nyenyezi. A Musaphethire anali a Namzeze, ndipo sankafuna kuti pakhale munthu wosadziwa zimenezo.

Nkhani ya mmene zinayambira ndinaimva kokwanira moti ndikhoza kuwakonza akalakwitsa. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankalemba matikiti pa depoti ya mabasi. Alamu awo popita kukagwira ntchito kutali anawasungitsa kamera ya filimu, nawauza kuti asaikhudze. Iwo anaikhudza tsiku lomwelo. Patapita mwezi, timu ya mpira ya pa depoti inawatenga kuti akaijambule kosewera. Pobwerera, ali pamwamba pa lole, lamba anaduka. Kamera inagwera pa tala, inagubuduzika, n'kukathera mu ngalande. Anamenya denga la lole mpaka dalaivala anaima, anathamanga akuganiza kale zokanena kwa alamu. Anaipeza itaphwanyika pakona, matope mbali imodzi. Anapukuta ndi malaya, anadina batani, ndipo inalira bwinobwino ngati kuti palibe chachitika. Zithunzi zonse makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zinatuluka.

Sabata yomweyo analembera kalata kampani, kuthokoza. Analemba katatu asanakhutire ndi zilembo zawo. Patatha miyezi inayi kunabwera phukusi. Munali chipewa chokhala ndi kambalame kaja, ndi kalata yosayinidwa ndi cholembera chenicheni, inki itafalikira pang'ono kumapeto kwa dzina.

"Munthu anakhala pansi," ankatero akamandifotokozera. "Kutali konseko, munthu wokhala ndi ntchito zake anakhala pansi n'kundiyankha ine wolemba matikiti. Ukunditi chiyani iwe?"

Alamu atabwera anawona pophwanyika paja, anapukusa mutu, n'kuwasiyira kamerayo. Chaka chotsatira a Musaphethire anasiya matikiti.

Kuyambira pamenepo lenzi iliyonse inkabwera ndi chifukwa chake. Yaitali anagula atayamba kujambula mipikisano ya masukulu. Yotambalala anagula atalephera kukwanitsa kwaya ya anthu makumi asanu m'chithunzi chimodzi. Imene ankaikonda koposa inali yonenepa, yolemera ngati mwala, yojambulira nkhope. Ankati imadziwa khungu la munthu, siliyeretsa ndipo silidetsa, imangolisiya mmene Mulungu analipangira.

Sankangogwiritsa ntchito Namzeze, ankailalikira. Wojambula aliyense woyamba kumene akabwera kudzafunsa nzeru, ankatuluka atatembenuka mtima. Ndinawerengapo anthu asanu ndi awiri amene anagula Namzeze chifukwa cha iwo. Wa Nyenyezi akalowa, ankamupatsa mpando ndi ulemu wonse, kenako n'kumufunsa mwachifundo ngati akuchira.

Filimu itayamba kusowa, anthu ambiri anavutika, koma iwo ayi. Kamera zatsopano za khadi zimene Namzeze anatulutsa zinkalandira malenzi akale onse. Tsiku limene anabwera nayo yoyamba anandiitana kuti ndidzaone. Anatenga lenzi yakale kwambiri, ya pa kamera ya alamu ija, anailowetsa, inati kwaa.

"Wamva? Namzeze sataya ana ake."

Mawu amenewo anawanena kwa zaka khumi ndi zisanu.

Ali ndi ana atatu. Awiri oyamba sanafune n'komwe kudziwa kumene batire imalowera. Wotsiriza, mtsikana amene tonse timangomutcha Mzime, ndiye anatengera. Anaphunzira zojambula makanema, ndipo atayamba kupeza ntchito zakezake anagula kamera osafunsa munthu. Anabwera nayo kunyumba Lamlungu masana, naiika pa tebulo. Inali ya Nyenyezi.

M'mawa mwake a Musaphethire anakwera masitepe ngati munthu wochokera kumaliro.

"Malenzi asanu ndi anayi," anatero atakhala pa benchi yanga. "Onsewo ndinkasungira ndani? Akanangotenga kiyi wa kabati. Koma ayi, wapita kukakwatiwa kwa adani."

Masana akazi awo anabweretsa chakudya, ndipo anawapeza akadali pa nkhani yomweyo. Mayiwo ndi ofatsa, sachulutsa mawu. Anaika mbale pansi n'kunena kuti, "Bambo, mwanayu akanabwera ndi mimba simukanakwiya chonchi."

Ngakhale eni ake anaseka, koma kwa miyezi iwiri kamera ya Mzime sanaikhudze.

Kamera yawo yomaliza ya mtundu wakale inawatumikira zaka zisanu ndi zinayi. Kenako inayamba kudumpha. Akadina kasanu, zithunzi ziwiri zinkatuluka theka lakuda. Anapita nayo kwa mmisiri wokonza makamera, bambo wa imvi amene ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mawotchi. Mmisiriyo anaitsegula, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuvula magalasi.

"Akulu, kachitseko ka m'kati katha. Kukonza n'kosavuta, koma kachipangizoko anasiya kupanga. Ndafunsa konse. Mtundu uno anautseka."

"Anautseka bwanji?"

"Simunamve? Anayamba mtundu wina. Pitani ku sitolo mukaone."

Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Anavala chipewa cha kambalame chija, chitasuluka mpaka kuoneka ngati phulusa. Sitolo ya makamera ndi yowala kwambiri, yozizira, ndipo zinthu zonse zili kuseri kwa galasi. Anatilandira mayi wina wodziwa ntchito yake, wosathamanga polankhula. Anatulutsa Namzeze yatsopano, yaing'ono, yopepuka. A Musaphethire anaitembenuza m'manja, nkhope ikuwala. Anatsegula chikwama, anatulutsa lenzi yawo ya nkhope, n'kuiyandikiza. Inangogwedera pakhomo, osagwira.

"Pakamwa pake anapakulitsa, bambo," anatero mayiyo. "Malenzi akale salowa."

"Salowa bwanji? Si Namzeze yomweyo?"

"Ndi yomweyo, koma ili ndi banja lina."

"Bambo mmodzi, mabanja awiri." Anandiyang'ana. "Ndiye kuti ife ndife a kwa mkazi wamkulu."

Mayiyo anamwetulira, natulutsa kabokosi. Munali mphete yachitsulo yoika pakati pa kamera yatsopano ndi lenzi yakale. Ananena mosabisa kuti malenzi ena agwira bwino, ena azichedwa kupeza nkhope, ndipo atatu akale kwambiri aziwapotoza okha ndi dzanja. Anawonjezera kuti mabatire ndi ena, makhadi ndi ena, ndipo fulashi yakale, nyale yothwanima pojambula ija, imagwira ikafuna.

"Popeza mukuyambanso pafupifupi zonse," anatero mosamala, "mwina mungayang'aneko ndi Nyenyezi. Anthu ambiri a msinkhu wanu..."

"Mayi, ndikulungireni Namzeze ndi mphete yakeyo."

Pobwerera tinafika pa mphambano. Pamenepo anati, "Ali ndi zifukwa zawo. Anthu aja sachita chinthu mosaganiza." Ine ndinangoti inde.

Masabata otsatira ndinkamva zonse kudzera pa chitseko chotsegula. Chala chawo chachikulu chinkapita pamene panali batani kwa zaka makumi atatu, n'kupeza pali lina. Batire inkatha asanamalize ukwati umodzi. Lenzi ya nkhope, ikakhala pa mphete, inkafufuza munthu ngati yaledzera, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, ikulira ngati udzudzu. M'chipinda muja zinalibe kanthu, chifukwa munthu wokhala pa mpando amadikira. Akandiona ndikusuzumira ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikuzolowerana."

Ndiye kunabwera mayi wina wosesa m'maofesi. Mwana wake wamkazi ankamaliza maphunziro a unamwino. Mayiyo anabwera katatu kudzakumbutsa tsiku, ndipo ulendo uliwonse ankanena chinthu chimodzimodzi.

"Ine sindikufuna zambiri, bambo. Chimodzi chokha. Pamene akulandira pepala lija m'manja mwake."

Kwa ine anasankhiratu felemu, yamtengo woderapo, ndipo anandiuza khoma limene idzapachikidwe.

Ku holo sindinapiteko, koma anandifotokozera iwo eni, ndipo Mzime anadzandifotokozeranso, chifukwa sukuluyo inamulemba ntchito yojambula kanema wa mwambo wonse. A Musaphethire anafika molawirira, anasankha malo abwino pafupi ndi masitepe a nsanja, anayesa kawiri pa ophunzira oyamba, zinayenda. Dzina la mtsikana uja litaitanidwa, anakwera mofulumira, mkanjo ukuuluka. Iwo anakweza kamera. Lenzi inayamba kufufuza. Inapita, inabwerera, inapitanso. Chala chinathamangira pamalo pa batani lakale lija, ndipo m'malo mwa mtsikana anaona mndandanda wa mawu. Pamene ankauchotsa n'kudina, manja anali atasiyana kale.

Kunja anamujambula zithunzi zambiri zabwino, ali ndi mkanjo, ali ndi amayi ake, atanyamula pepala. Koma chija chimodzi chinatuluka motere: mphika wa maluwa wa kumbuyo kwa nsanja unaoneka bwino mpaka timadontho ta madzi pa masamba, ndipo kutsogolo kwake kunali chinthu choyera ngati utsi.

Mzime anabwera tsiku lotsatira ndi kakhadi m'manja.

"Ababa, ndadula chithunzi chimodzi mu kanema wanga. Chili bwino. Dzanja lili pa pepala, akumwetulira."

"Ika pamenepo."

"Mungochitsuka n'kuwapatsa. Sadziwa."

"Ndati ika pamenepo."

Kakhadiko kanakhala pa tebulo masiku awiri. Tsiku lachitatu mayi uja anabwera. Ndinasiya kudula galasi kuti ndimve. A Musaphethire anamukhazika pa mpando, anamupatsa zithunzi za kunja, kenako anatulutsa cha maluwa chija.

"Mayi, ichi ndi chimene ndinajambula ine pa nthawi imene munandituma. Ndinalephera."

Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali, anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa.

"Maluwawa ndi okongola ndithu," anatero motsitsa mawu. "Nanga mwana wanga ali pati?"

Ndinamva kabati ya tebulo ikutseguka.

"Pali china. Koma sindinajambule ine. Anajambula mwana wanga, ndi kamera yake."

Mayiyo atachiona anagwira pakamwa. Anaseka, misozi ikutsika, akuloza dzanja la mwana wake pa pepala. Atapukuta m'maso anawayang'ana modabwa.

"Nanga nkhope yagweranji, bambo? Mwana wanu si wanu yemwe? Ife timalera kuti azititola tikagwa."

Chithunzicho chinabwera kwa ine kuti ndichiike mu felemu. Nditachitembenuza ndinaona kuti kumbuyo kulibe chidindo chawo. Chinali chithunzi choyamba kutuluka m'chipinda chija chopanda chidindo.

Sabata yomweyo kunabwera mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri aja, mayi amene amajambula zithunzi za ziphaso pafupi ndi maofesi a boma. Mwamuna wake atamwalira, a Musaphethire ndiwo anamuphunzitsa ntchito n'kumusankhira kamera. Anafika atanyamula chikwama, sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Achimwene, yanganso yayamba kudumpha. Mmisiri akuti zipangizo kulibe. Paja munkati chiyani? Namzeze sataya chiyani?"

A Musaphethire anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Ndinanena ndine, mlongo wanga. Ndinkalankhula ngati ndimadya nawo mbale imodzi, chonsecho sindidziwa ngakhale khomo lawo. Pepani."

Anatsegula kabati yagalasi, anatenga kamera yakale yosungira imene ankaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, namupatsa kuti azigwiritsa ntchito mpaka ataganiza chochita. Mayiyo atapita anandiuza kuti, "Ukayenda siya phazi. Ine ndinasiya mlomo m'nyumba zisanu ndi ziwiri."

Anaganiza zolemberanso kampani. Ulendo uno analemba pa kompyuta, Mzime akutayipa. Anafotokoza za lole, za ngalande, za chipewa, za malenzi asanu ndi anayi, za mtsikana wa unamwino. Sanatukwane. Anangofunsa ngati pali munthu kumeneko amene anaganizirapo za anthu onga iwo. Yankho linabwera asanadzuke n'komwe pa mpando. Linkati wokondedwa kasitomala, dandaulo lanu lapatsidwa nambala yakutiyakuti, onani malenzi athu atsopano apa. Pansi pake panali funso loti asonyeze mmene akhutirira, posankha nyenyezi imodzi mpaka zisanu.

Anawerenga kawiri. "Taona, Mzime. Ngakhale iwo akupempha nyenyezi."

Pamenepo m'pamene Mzime anavula kamera yake m'khosi n'kuiika m'manja mwa bambo ake. "Sabata imodzi yokha, ababa. Ine ndili ndi ntchito ya pa kompyuta. Mukaida mudzaide mukuidziwa."

Sabata imeneyo inali yosekesa ndiponso yomvetsa chisoni. Lenzi ya Nyenyezi imamangidwa mopotozera mbali ina, ndiye ankaimasula pofuna kuimanga. Ankalankhula nayo mwaulemu wouma, ngati mlendo amene sunamuitane. Lachinayi anabwera ndi zithunzi za ana a sukulu ya mkaka akuthamanga, chilichonse chakuthwa, diso lililonse pamalo pake. Anaziyala pa tebulo langa.

"Ukudziwa chimene chandinyansa? Ndi yabwino."

Koma anapezanso zake. Chogwirira chake n'chaching'ono, moti chala chakanise chinkalendewera. Ikagwira ntchito nthawi yaitali inkatentha n'kuzima yokha. Khungu la anthu linkatuluka lozizira, ngati ajambulidwa m'chipatala. Loweruka Mzime atabwera kudzatenga, anamuuza zonsezo mwachifatse. Mtsikanayo anasintha nkhope.

"Ababa, limenelo si vuto la kamera. Simunaizolowere basi. Za kutenthazo akonza, analonjeza kale. Anthu aja sachita chinthu mosaganiza."

A Musaphethire anamuyang'ana, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka ndinawatungira madzi. Mzime anakwiya, anatenga kamera yake n'kutsika masitepe.

"Wamva?" anandifunsa akupukuta misozi. "Mawu anga enieni, akutuluka pakamwa pa mwana. Matendawa ndi a kumtundu."

Atatero anasankha njira imene inkaoneka yanzeru. Ntchito za kunja, maukwati ndi miyambo ya masukulu, anasiyira Mzime. Iwo anatsalira m'chipinda, kamera pa miyendo yake itatu, lenzi ya nkhope pa mphete, akuipotoza ndi dzanja ngati kale. Ankati wabwerera ku ntchito yeniyeni, ndipo kwa miyezi ingapo anali munthu wamtendere.

Amene anayamba kuona vuto ndine, chifukwa chithunzi chilichonse ndimachiyang'anitsitsa ndisanachitseke ndi galasi. Khutu la munthu linkatuluka lakuthwa, koma maso ofewa. Tsiku lina kolala ya malaya, tsiku lina tsitsi. Eni zithunzi sankadandaula, koma ine ndinkaona. Ndinasunga pakamwa masabata atatu. Munthu amene wangotaya chikhulupiriro chimodzi, umamuuza bwanji kuti atayenso china? Potsiriza ndinatenga zithunzi zinayi, ndinalowa kwawo, ndinatseka chitseko.

"Achimwene, tayang'anani maso a anthu awa."

Anayang'ana. Anapita nazo pa zenera. Anatseka diso lamanzere, kenako lamanja, kenako lamanzere kachiwiri.

"Ndimati ndi mphete," anatero.

Dokotala wa maso anawauza kuti diso lamanja, limene akhala akujambulira moyo wawo wonse, layamba ng'ala. Anawalemba pa mndandanda wa opaleshoni, koma anati adikira miyezi ingapo.

Masiku atatu a Loweruka otsatizana tinapita ku sitolo ija. Mayi wogulitsa anafika potisungira mipando. A Musaphethire ankanyamula Namzeze yokhala ndi lenzi yatsopano, kenako Nyenyezi, kenako Namzeze, akujambula mayiyo, ine, ndi mlonda wa pakhomo. Zonse ziwiri zinkachita chinthu chimodzi: kabokosi kobiriwira kankathamangira pa diso la munthu n'kukakamira pomwepo, ngakhale munthuyo atatembenuka. Ankatsitsa kamera, kuyang'ana mlonda ndi maso awo, n'kuikwezanso.

"Ikuona zimene ine sindikuona," anatero. Sindinadziwe ngati akuyamikira kapena akudandaula.

Loweruka lachitatu anagula lenzi imodzi ya Namzeze, ya mtundu watsopano. Malenzi asanu ndi awiri anawagulitsa, ena kwa mphunzitsi wina wokonda zakale, ena kwa mmisiri uja. Anasunga ya alamu ndi ya nkhope. Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake sanasamuke, popeza anali ataona okha kuti Nyenyezi ndi yabwino.

"Zala zangazi zinaphunzira chilankhulo chimodzi," anatero. "Yatsopanoyi imachilankhula mokhotakhota, koma ndi chomwecho. Pa msinkhu uno ndiyambe a, e, i?" Tinayenda pang'ono. "Koma usaganize kuti ndawakhululukira. Kale ndinkadziyesa mwana wa m'nyumba. Tsopano ndadziwa kuti ndine walendi. Denga likadontha kwambiri, ndidzanyamula katundu."

Tinaima kudikira kuti magalimoto adutse. Anayang'ana chikwama chimene ananyamula.

"Nthawi zina ndimaganiza za munthu uja anasayina kalata. Mwina anapuma ntchito kalekale, mwina anamwalira. Zaka zonsezi ndakhala ndikubweza ulemu kwa munthu mmodzi amene anandichitira zabwino masana amodzi. Si chinthu choipa. Kungoti ndinkaupereka pa khomo lolakwika."

Masiku ano ojambula oyamba kumene amabwerabe kudzafunsa. Mwezi watha kunabwera bambo wina amene wasiya ntchito ya uphunzitsi, akufuna kudziwa kuti agule iti. A Musaphethire anamuuza kuti ayambe wapita kwa mmisiri akafunse kuti ndi zipangizo za kampani iti zimene zimapezeka, kenako akanyamule makamera onse awiri kwa ola lathunthu n'kumvera zimene dzanja lake linena.

"Koma inuyo mungasankhe iti?" anaumirira bamboyo.

"Ine musandifunse. Ndinasocheretsapo anthu asanu ndi awiri."

Opaleshoni inachitika Lachiwiri lina m'mawa. Akazi awo ndi Mzime anawaperekeza, ine anandisiyira kiyi kuti ndizipereka zithunzi kwa eni ake. Dokotala anati apume masabata awiri. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinamva mapazi awo pa masitepe. Anafika ndi chophimba choyera pa diso lamanja, akazi awo ali pambuyo akuwakalipira motsitsa mawu. Pakhomo panali kale banja lina likudikira ndi ana amapasa ovala zofanana.

Anayesa kujambula ndi diso lamanzere. Mphuno inkagunda galasi la kumbuyo kwa kamera n'kusintha zinthu, ndipo amapasa ankaseka nthawi iliyonse akang'ung'udza. Mzime anabwera masana n'kuwaonetsa pozimitsira kuti mphuno isamalamulire kamera. Anadandaula za kachitseko ka batire, kuti anakapanga kopepuka ngati chivindikiro cha botolo, ndipo anadandaulabe mpaka nthawi yoweruka. Tsiku limenelo anajambula anthu khumi ndi mmodzi, ndipo asanu mwa iwo anadzalowa kwa ine kudzasankha mafelemu.